Kalata yotseguka kwa atsogoleri a chigawo cha Kum'mawa: nkhokwe zadzaza, koma njala ina tayikonzekera bwanji?

Kwa olemekezeka a Nduna a chigawo cha Kum'mawa, aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo, ma DC a maboma onse, makhansala, akuluakulu a nthambi ya DMMU yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi mafumu athu kuyambira kwa Kalonga Gawa Undi ndi Nkosi yama Nkosi Mpezeni mpaka kwa nyakwawa wa kamudzi ka nyumba khumi,

Ndagwada ndi ulemu wonse, zikomo. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndimalima maekala anayi kumudzi kwathu, ulendo wa ola limodzi pa njinga kuchokera m'tauni ya Chipata. Sindili m'chipani chilichonse, ndipo sindinalembe kuti ndinyoze munthu. Ndalembera poyera chifukwa nkhaniyi si yanga ndekha, ndipo ndikufuna kuti anzanga a ku Katete, Petauke, Lundazi, Vubwi ndi kuchigwa cha Luangwa aimve, awonjezere zawo pamene ine ndaperewera.

Chandilembetsa ndi galimoto ya mavenda imene yakhala ikuimika pa mtengo wa mkuyu pamudzi pathu kuyambira Juni. Ili ndi sikelo yopachika ndi ndalama m'manja. Sabata yatha ndinaona mnansi wanga, bambo wa ana asanu ndi mmodzi, akukweza matumba ake omaliza pa ngolo kupita nawo pa mkuyupo. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, mwasiyako angati a pakhomo?" Anandiyankha akuseka kuti, "Aphunzitsi, chaka chino chimanga chili mbwee, ndikachifuna ndidzagula." Mawu omwewo tinkawalankhula mu 2023. Ndipo kuyambira pamene tinakolola mpaka lero, mvula yatsala pang'ono kugwa, palibe msonkhano ngakhale umodzi umene waitanidwa kudera kwathu wokambirana zimene tidzachite ikadzatithawanso. Dziko linakolola chimanga choposa matani 3.6 miliyoni mu 2025, pamene mu 2024 tinapeza pafupifupi matani 1.5 miliyoni okha, ndipo tonse, inu ndi ife, tayamba kukhala ngati zija zinali maloto.

Sanali maloto. Mvula inadula chakumapeto kwa Januwale 2024, chimanga changa chitangoyamba kumasula ngayaye. Febuluwale yense kumwamba kunali mbee. M'mawa uliwonse ndinkapita kumunda ngati munthu wokazonda wodwala, n'kupeza masamba atapiringizika ngati a anyezi, ndipo ukawagwira ankachita phokoso la pepala. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi a chimanga mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa anali atapserera, ndipo maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa. Ine pa maekala anga anayi ndinatola matumba atatu, ambiri mwa iwo zitsononkho za njere zowerengeka. Pofika Novembala amayi a kunyumba kwanga ankaphika mango osapsa mumphika wa nyemba, kuwathira kamchere, adzukulu n'kudya zimenezo masana kuti kaufa kotsala kafikire madzulo. Gaga amene tinkapatsa nkhumba tinayamba kumusefa tokha. Ine ndili ndi kapenshoni. Ganizirani amene alibe.

Ndisanadandaule ndithokoze, chifukwa wosayamika ndi mfiti. Kulengeza msanga kuja kunathandiza. Ndalama zothandizira mabanja ovutika zinafika kwa ambiri, ntchito ya Cash for Work inapatsa achinyamata kangachepe kogulira ufa, ndipo kumene phala linkaphikidwa kusukulu ana sanasiye maphunziro. Anthu ambiri ali moyo lero chifukwa cha zimenezo. Koma zonsezi zinabwera moto utayaka kale. Dandaulo langa lili pa miyezi ya moto usanayake.

Nkhani yoyamba ndi ya chenjezo. Akulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma chilala cha 2024 chinaimba ng'oma, ndipo inamveka kutali. Akatswiri a zanyengo anali atanena miyezi ingapo mvula isanayambe kuti El Niño, kusintha kwa nyengo kumene kawirikawiri kumabweretsa chilala kuno, ikubwera. Mawuwo anamveka m'misonkhano ya ku Lusaka, m'manyuzipepala a Chingerezi ndi pa mafoni a anthu okhala ndi intaneti. Kumudzi anafika ngati mphekesera. Mayi wina wa kumpingo kwathu anandifunsa ngati El Niño ndi dzina la mbewu yatsopano. Sindinamuseke, chifukwa nanenso ndinkadziwa dzinalo koma osadziwa chochita nalo pamunda panga. Mlimi safuna kumva za kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific. Afuna wina amuuze m'chinenero chake kuti chaka chino usathire feteleza yense nthawi imodzi, bzala mbewu yocha msanga, siyako ndime ya mapira ndi nyemba, usagulitse chimanga cha chaka chatha. Tili ndi Breeze FM ndi Radio Maria kuno ku Chipata, Mphangwe ku Katete, Chikaya ku Lundazi, ndipo agogo amene sadziwa kuwerenga amadziwa ola la uthenga wa maliro pa wailesi. Njira yofikira anthu ilipo kale. Mlangizi wa zaulimi wa kudera kwathu ndi munthu wakhama, koma ali yekha pa midzi yambirimbiri, ndipo njinga yake yamoto inakhala miyezi yambiri yopanda mafuta. Iyeyo sindimuimba mlandu.

Yachiwiri ndi mtunda umene chakudya chimayenda. Chigawo chino ndi chimodzi mwa zimene zimadyetsa Zambia. Chimanga chimachoka m'midzi yathu pa ngolo, kukwera malole, kutsika ndi Great East Road, kuwoloka mlatho wa Luangwa. Njala ikafika, chimanga chomwecho timachidikira kuti chibwerere, ndipo chimabwerera mochedwa, chitakwera mtengo, misewu ya kumidzi itasanduka matope. Ine ndinagonapo panja pa malo ena ogulitsira chimanga cha boma, pamzere, nditafunda chitenje cha akazi anga. Pafupi nane panali mayi wamasiye amene anayenda kuyambira tambala woyamba ndi mwana kumsana. Dzuwa litafika pamutu tsiku lachiwiri, kalaliki anatuluka n'kunena kuti zatha, tibwere sabata yamawa. Mayi uja sanalire. Anangomasula kansalu kamene anamangamo ndalama, kuziwerenganso, kuzimanganso, n'kufunsa ngati pali amene akudziwa kumene angapeze ganyu kuti asabwerere chimanjamanja. Ndalama anali nazo. Chimene chinasowa ndi chimanga pafupi ndi kwawo.

Pamenepo pali nkhani ya mayina. Kalembera wa olandira thandizo anachitika njala itafika kale, mothamanga, ndipo pothamanga amene amalembedwa ndi amene ali ndi miyendo ndi pakamwa. Nkhalamba yosaona, munthu wolumala, mwana amene akulera azing'ono ake, amenewa sapita kumsonkhano wa pansi pa mtengo. M'mudzi mwathu tinachita kukangana kuti gogo wina alowe m'kaundula, pamene nyumba ina inalembedwa kawiri. Sindikunena kuti wina anaba. Ndikunena kuti kaundula wolembedwa anthu ali ndi njala amadanitsa abale, ndipo mpaka lero pali mabanja amene sapatsana moto chifukwa cha thumba limodzi la ufa.

Yachitatu ndiyo imandiwawa kwambiri, chifukwa mbali ina ya mlanduwu ndi yathu alimi. Tasanduka anthu a mbewu imodzi. Ndili mnyamata, pakhomo pa amayi anga panali nkhokwe ya chimanga, kankhokwe ka mapira, chikwatu cha mfutso chopachikidwa kudenga la khitchini, nshawa zosasenda m'chitete, ndi ndime ya chinangwa kuseri kwa nyumba imene sitinkaikhudza chaka chabwino. Chinangwacho amayi ankachitcha nkhokwe ya pansi. Mu 1992, chaka cha chimanga chachikasu chija, ndi chimene chinatipulumutsa pamene a thandizo anali asanafike. Masamba a maungu ndi a nyemba ankafutsidwa mu Malichi, akadali ambiri, kuwawiritsa pang'ono, kuwayanika pamphasa, kuwakulunga m'masamba a msuku. Lero mtsikana wa zaka makumi awiri sadziwa kumanga chikwatu, ndipo si kulakwa kwake. Kwa zaka zambiri thandizo la boma la zipangizo za ulimi la FISP m'maso mwa mlimi latanthauza feteleza ndi mbewu ya chimanga, msika wotsimikizika ndi wa chimanga, ndale zathu ndi za mtengo wa ufa. Munthu amalima chimene akudziwa kuti chigulidwa. Mu 2024 amene anali ndi kandime ka chinangwa, kandolo wa kudimba kapena nyamundolo m'malire a munda anadya, pamene ife a chimanga chokhachokha tinkayang'ana kumsewu. Pa Msekera pomwepa pali malo a kafukufuku wa zaulimi amene akhala akuyesa mbewu kwa zaka zambiri. Nzeru zili pamenepo zikanafika pamudzi ngati mbewu ya m'manja, osati ngati chionetsero cha tsiku limodzi, bwenzi tikunena zina.

Ndipo ngakhale chimene takolola sitikuchisunga bwino. Anankafumbwe amatha thumba m'miyezi itatu, ndiye mlimi amaganiza kuti bola kugulitsa lero kusiyana n'kudyetsa tizilombo. Matumba osalowa mpweya aja amasunga chimanga popanda mankhwala, koma kumudzi sapezeka, ndipo m'tauni mtengo wake mlimi amauyerekeza ndi wa thumba wamba n'kubwerera. Chimanga chosungidwa chisanaumitsitse chimachita chuku, ndipo tonse tinamva mu 2024 za agalu mazanamazana amene anafa m'dziko muno chifukwa cha aflatoxin, poizoni wa chuku, m'zakudya zochokera ku chimanga. Nkhani imeneyo inatha msanga m'manyuzipepala, koma chuku m'nkhokwe zathu sichinathe.

Za madzi ndinena mwachidule, chifukwa aliyense akuzidziwa. Mjigo wa pamudzi pathu unathyoka mu Seputembala chaka cha chilala, ndipo kachitsulo kamene kanafunika kanatenga miyezi iwiri kuti kapezeke. Amayi ankafukula mchenga mumtsinje wouma, pamalo omwewo pomwera ng'ombe. Kolera sachedwa pamalo otere. Inalowa ku Vubwi mu Januwale 2023, ndipo kuyambira Okutobala chaka chomwecho inasautsa dziko lonse mpaka bwalo la National Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala, anthu oposa 700 anamwalira, sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale. Ife tili pamalire. Anthu amadutsa pa Mwami ndi pa Chanida tsiku lililonse, ena m'tinjira ta kumunda popita kumaliro a abale awo ku Mchinji, ndipo matenda safunsidwa pasipoti. Komabe mukafunsa m'mudzi kuti ndani akudziwa kusakaniza madzi a moyo, timasupuni tisanu ndi kamodzi ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, mupeza anthu awiri kapena atatu.

Tsoka lina sitinalione, koma ndimaliopa ndikakwera njinga kulowa m'tauni n'kuyang'ana kumapiri. Mitengo ya ku Kanjala ndi mapiri ena ozungulira Chipata yapita ku makala, ndipo nyumba zikukwera phiri chaka ndi chaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagwa ku Malawi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe mu Blantyre, anthu ali m'tulo. Abale athu kumeneko amati napolo. Anthu a ku Chilobwe sanali opusa kuposa ife. Anamanga pamene anapeza malo, monga akuchitira a ku Mchini ndi ku Nabvutika. Ngalande za m'tauni zadzaza mapulasitiki, mtsinje wa Lunkhwakwa wasanduka dzala, ndipo mvula ya ola limodzi imalowetsa madzi m'nyumba za anthu. Ndikufunsa mwaulemu: madzi atabwera usiku, munthu wa m'makomboni amenewa athawire kuti? Ndani adzamudzutse? Kuchigwa nako, ku Mambwe, Lumezi ndi Chama, Luangwa ndi Lupande zikadzaza midzi ina imakhala chilumba kwa masabata, mayi wapakati osatha kufika kuchipatala, ndipo kachimanga kamene kapulumuka kumadzi njovu zimadzamaliza.

Chodabwitsa n'chakuti lamulo lilipo. Lamulo la Disaster Management la 2010 linakhazikitsa makomiti oona za ngozi kuyambira kulikulu, kuchigawo, kuboma, mpaka makomiti ang'onoang'ono a kumidzi. Ine dzina langa lili m'komiti ina yotere. Tinasankhidwa pansi pa mtengo, tinaomberedwa m'manja, tinajambulidwa chithunzi. Kuyambira tsiku limenelo takumana kawiri, ndipo kawiri konseko kunali kukathandiza kutsitsa matumba m'lole. Tilibe buku, tilibe wenzulo, sitidziwa kuti tikaona madzi akukwera tiimbire ndani. Ndalama nazonso sitinganene kuti kulibiretu, pakuti CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha m'madera, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, ndipo yakhala ikukwerabe. Makalasi ndi madesiki tawaona, tikuthokoza. Koma mjigo wokonzedwa usanathyoke sujambulitsa chithunzi chokongola, ndiye mwina n'chifukwa chake suoneka pa mndandanda.

Tsono, atsogoleri anga, zopempha zanga ndi izi.

1. Ulosi wa nyengo wa chaka chino ufike kwa mlimi mvula isanagwe, m'Chichewa, m'Chinsenga, m'Chitumbuka ndi m'Chikunda, pa mawailesi athu, m'matchalitchi, m'mizikiti ndi m'mabwalo a mafumu. Usangonena kuti mvula idzakhala yochepa kapena yambiri. Unene chobzala, nthawi yobzala, ndi chosunga. Alangizi apatsidwe mafuta a njinga zawo mu Okutobala, osati mu Febuluwale.

2. Mwa chimanga chimene FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga, yagula m'chigawo chino, gawo lina lisungidwe m'boma lomwe chachokera mpaka zokolola zina zitaoneka, ndipo anthu auzidwe poyera kuti m'boma mwawo mwasungidwa matumba angati. Madera amene amadulidwa ndi madzi, makamaka kuchigwa, alandiriretu chakudya ndi mankhwala misewu isanafe. Mafumu athu, inu muli ndi mphamvu imene boma lilibe. Nyakwawa akanena kuti khomo lililonse lisiye matumba akuti lisanagulitse, ndiponso kuti mudzi ukhale ndi nkhokwe imodzi ya onse yothandizira amasiye ndi nkhalamba, anthu adzamva. Pa Kulamba ku Mkaika ndi pa Nc'wala ku Mtenguleni pamasonkhana anthu zikwizikwi, mawu amenewa atanenedwa pamenepo angafike kutali kuposa kalata yanga.

3. Kaundula wa mabanja osowa alembedwe tsopano, anthu ali okhuta ndi odekha mitima, awerengedwe poyera pamudzi, ndipo aziunikidwa chaka chilichonse.

4. Mbewu ya mapira, nyemba, nyamundolo, mitengo ya chinangwa ndi zibowa za kandolo zipezeke pafupi ndi mlimi pa nthawi yake, ndipo pakhale wogula mbewu zimenezi pa mtengo wodziwika, chifukwa popanda msika tidzangomvera ulaliki n'kubwerera ku chimanga. Matumba osalowa mpweya alowe m'gulu la zipangizo zotsika mtengo. Ndipo amayi achikulire amene akudziwabe kufutsa ndiwo ndi kuyanika makaka a chinangwa aitanidwe kusukulu akaphunzitse ana athu asanapite nazo kumanda nzeruzo.

5. Khonsolo iliyonse iyendere mijigo yonse mwezi uno, ilembe yothyoka, iikonze. Wodi iliyonse ikhale ndi munthu wophunzitsidwa kukonza ndi bokosi la zitsulo zosinthira. Klorini afike m'midzi ya m'malire kolera isanamveke.

6. Ngalande za Chipata zitapidwe mvula yoyamba isanagwe. Akatswiri ayendere nyumba za m'mphepete mwa mapiri, anene zoona za malo oopsa, ndipo amene ayenera kusamuka apatsidwe kolowera, asangogwetseredwa nyumba. Komboni iliyonse idziwe sukulu kapena tchalitchi chothawirako.

7. Makomiti a kumidzi aja adzutsidwe. Sitikupempha malipiro. Tikupempha tsiku limodzi la maphunziro, buku lolembamo, nambala ya foni imene imayankhidwa usiku, ndi gawo lodziwika la CDF loikidwa padera pa ntchito yokonzekera ngozi, limene anthu angafunse kuti lagwira chiyani.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mudzati zina mwa izi zili kale m'mapulani. Ngati zili choncho, ndikondwera kutsutsidwa. Bwerani pa wailesi mutiuze kuti m'boma lakuti mwasunga matumba akuti, mijigo yakonzedwa ingati, komiti yakuti yaphunzitsidwa liti, ndipo ife tidzaimba foni kutsimikiza kapena kukana.

Ife kwathu sitinakhale chete kudikira yankho. Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi tinakhala pansi mabanja khumi ndi anayi, tinagwirizana kuti khomo lililonse lipereke tini imodzi ya chimanga, ndipo a nyakwawa apereka kanyumba kosungiramo. Mnansi wanga uja wa pa mkuyu analibe chopereka, koma walonjeza kuti adzamata pansi ndi kukonza chitseko. Ine ndapita kwa mlamu wanga kukapempha mitengo ya chinangwa, ndipo ndime ya kuseri kwa nyumba ndaigaula kale. Matini khumi ndi atatu sangadyetse mudzi ngakhale sabata imodzi, n'chifukwa chake ndalembera inu.

Ndine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wopuma ntchito ndi mlimi,
Chipata.